Wamisala wa ku Masitala: umphawi, anzake ndi nsanja ya bulugama

Umphawi ndi kutengeka ndi zochita za anzako ndi mavuto amene pamisonkhano amakambidwa padera, koma pa moyo wa wachinyamata amabwera atagwirana manja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019 ndi 2020 anasonyezanso kuti mwa anthu awiri alionse mmodzi ndi wosauka. Choncho wachinyamata wosauka si munthu wochita kumufunafuna. Ndiye amene wadzaza m'midzi, m'misika ndi m'madepoti.

Wachinyamata aliyense amafuna kuwerengedwa pagulu, ndipo izi sizisankha wolemera kapena wosauka. Kusiyana kuli pa zimene munthu amataya akakana. Mwana wa pakhomo pa mwanaalirenji akakana mowa amabwerera kwawo, amapeza nsima patebulo, m'mawa n'kupita kusukulu. Mnzake amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi amadzuka ndi tsiku lopanda kanthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo gulu la pamsika ndilo limamudzazira tsikulo. Gululo ndilo limamuuza kumene kwapezeka ganyu, limamugulira chipisi iye akasowa, limamubwereka foni. Kukana ndudu ya chamba pamenepo n'kukana munthu amene anakudyetsa dzulo. Akuluakulu ambiri olangiza achinyamata kuti "musamatengere anzanu" amaiwala mbali imeneyi.

Kwa anyamata, zokopa zake n'zodziwika. Mowa wa m'masacheti, umene unkagulidwa ndi ndalama yochepa kuposa ya buledi, boma linauletsa mu 2015, koma m'malo mwake munalowa timabotolo ta midoli, ndipo kachasu sanachoke pamalo pake. Chamba chikadali choletsedwa kusuta, chifukwa lamulo la 2020 linangolola kulima cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Chatsopano ndi juga ya pafoni, kubetcha mpira ndi kandege, imene imameza ndalama ya kabaza ya tsiku lonse m'mphindi zochepa. Kwa atsikana nkhani imayambira pa tinthu tating'ono: sopo, mafuta odzola, zofunika pa nthawi ya kumwezi, kafoni. Mnzake wa m'kalasi akabwera ndi zonsezi n'kumunong'oneza kumene wazipeza, chidyamakanda chimakhala chapeza njira popanda kutsegula pakamwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinaika zaka 18 kukhala malire, koma lamulo siligula sopo.

Umboni woti vutoli lili pa thumba, osati pa khalidwe lokha, unachokera ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri ena, mothandizidwa ndi World Bank, ankapereka ndalama mwezi uliwonse kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi kwa makolo awo. Mtsikana ankalandira dola imodzi mpaka 5, makolo madola 4 mpaka 10. Patatha chaka ndi theka, mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira ndalamazo, 1.2 mwa 100 ndi amene anapezeka ndi kachilombo ka HIV, pomwe mwa osalandira anali 3 mwa 100. Olandirawo sankachitanso kwambiri zibwenzi ndi azibambo aakulu. Palibe amene anawalalikira. Anangokhala ndi kandalama kowalola kunena kuti ayi. Chowawa chake n'chakuti ndalamazo zitasiya kubwera, zambiri mwa zabwinozi zinazilala m'zaka zochepa.

Nkhani ya William Kamkwamba imaonetsa mbali inayo, ya mwana amene sanalandire ndalama kwa aliyense. Iye anabadwa mu 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala, pafupi ndi msika wa Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata yekha pakati pa alongo ake asanu ndi mmodzi. Bambo ake, a Trywell Kamkwamba, ankalima chimanga ndi fodya. Njala ya 2001 ndi 2002 inawapeza monga inapezera aliyense: nkhokwe zinauma, anthu ankagona pamizere ya ku ADMARC, gaga amene kale ankadyetsa nkhuku ndi nkhumba anasanduka chakudya cha anthu, ndipo pakhomo pa a Kamkwamba ankadya kamodzi patsiku. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu February 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Pa nthawi yomweyo William anali atangoyamba Fomu 1 pasukulu ya Kachokolo, kumene fizi ya chaka inali pafupifupi madola 80 a ku America. Ndalamayo sinapezeke. Kwa kanthawi ankalowa m'kalasi mozemba, mpaka anamutulukira.

Apa ndi pamene anyamata ambiri amatayikira, ndipo Kamkwamba mwiniwake, m'buku lonena za moyo wake, akufotokoza kuti ankaopa kufanana ndi anyamata osiyira sukulu amene ankawaona akungozungulira pamsika, kudalira timaganyu, opanda cholinga chilichonse. Nayenso anayamba kutha masiku ndi bawo. Chimene chinamuchotsa pamenepo ndi kachipinda ka mabuku pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, laibulale imene inatsegulidwa ndi bungwe la Malawi Teacher Training Activity ndi thandizo la boma la America. Cholinga chake poyamba chinali chongofuna kuti asatsalire anzake a ku Kachokolo. Chingerezi chake chinali chochepa, kotero ankawerenga zithunzi ndi zojambula, mawu ovuta n'kumafunsa mayi woyang'anira laibulaleyo. Mwa mabuku amene anabwereka munali la Explaining Physics ndi lina la Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo.

Ntchito imene inatsatira ndi yofunika kuionera pafupi, chifukwa ndi m'menemo muli yankho. Pafupi ndi sukulu imene anam'chotsa panali malo otayirapo zitsulo zotha ntchito za esiteti yakale ya fodya. Kumeneko anatola fani ya thirakitala ndi zitsulo zina. Mapiko a makinawo anawapanga ndi mapaipi a pulasitiki, kuwang'amba, kuwawamba pamoto n'kuwapsinja kuti aphwathalale. Analibe chobowolera, ndiye ankatenthetsa msomali wozika m'chitsononkho mpaka kufiira, n'kumabowola nawo bowo limodzilimodzi. Zitsekerero za mabotolo zophwanya ndi nyundo zinagwira ntchito ya mawashala. Njinga yakufa ya bambo ake anachita kuipempha kangapo asanam'patse. Wowotcherera zitsulo anam'lipira ndi ndalama ya ganyu. Nsanja yake, ya mamita pafupifupi asanu, inali ya mitengo ya bulugama. Anali ndi zaka 14.

Pa nthawi yonseyi mudzi unali ndi dzina limodzi lomutchula: wamisala. Ana a sukulu akamuona akufukula zitsulo ankakuwa kuti wasuta chamba. Amayi ake enieni ankada nkhawa ndi zinyalala zimene zinadzaza m'chipinda chake. Pali chodabwitsa pamenepa. Mnyamata amene anakana kukhala pagulu la ongozungulira pamsika ndi amene ananamiziridwa chamba, pomwe ongokhalawo palibe ankawaloza chala, chifukwa kungokhala kunali kozolowereka. Kukakamizidwa ndi anzako sikubwera ndi botolo lokha. Nthawi zambiri kumabwera ndi phwete, ndipo phwete la pamudzi limagwetsa ulesi anthu ambiri kuposa mowa. Ngakhale babu itayaka pamaso pa khamu la anthu, ndipo ena atayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni, nkhani sinathere pomwepo. Mvula itavutanso zaka zingapo pambuyo pake, panali ena amene ananena kuti nsanja ija ndi ya ufiti, ikuthamangitsa mitambo.

Anthu ofotokoza nkhaniyi amakonda kunena kuti Kamkwamba anachita zonse yekha, koma si zoona, ndipo bodza limeneli limasocheretsa achinyamata. Iye anali ndi anzake awiri. Msuweni wake Geoffrey ndi amene ankakonza naye mawailesi ali ana, kumasula zakufa kuti aone mmene zimagwirira ntchito. Gilbert, mwana wa mfumu Wimbe, ndi amene anatulutsa ndalama m'thumba mwake kugula dayinamo ya njinga, chipangizo chimene popanda icho mapiko aja akanangozungulira pachabe. Atatuwa ndi amene anadula bulugama, kukumba maenje ndi kukweza makinawo pansanja. Mutu umodzi susenza denga. Kamkwamba sanathawe anzake onse. Anasankha awiri amene ankamukokera ku ntchito yake, ndipo kukhala nawo kunachititsa kuti phwete la enawo lipepuke. Wachinyamata wouzidwa kuti asiye gulu loipa popanda kumusonyeza lina amabwerera komweko sabata isanathe.

Chachiwiri chimene anali nacho ndi ntchito yodzukira. Makinawo sanathe tsiku limodzi, ndipo atatha ankafunabe manja. Anakoka mawaya m'nyumba, kuyatsa mababu anayi ndi mawailesi. Maswitchi anawapanga ndi labala wa patapata. Waya utatsala pang'ono kuyatsa denga la udzu, anapanga chodulira magetsi ndi misomali iwiri komanso maginito a sipika. Munthu wotanganidwa chonchi sapeza nthawi yoti anzake amukope, ndipo ali ndi yankho lokonzeka akamuitana: ali ndi zochita. Kudziletsa kopanda chogwira m'manja sikuchedwa kutopa.

Komabe ndi bwino kunena mosabisa kuti magetsi a mphepo sanamuchotse mu umphawi nthawi yomweyo. Anakhala zaka pafupifupi zisanu asali pasukulu, akulima ndi bambo ake. Zinthu zinasintha mu 2006 pamene akuluakulu a bungwe lija la Malawi Teacher Training Activity anabwera kudzayendera laibulale n'kuona nsanjayo. Dr. Hartford Mchazime wa bungwelo anabweretsa atolankhani, nyuzipepala ya The Daily Times inalemba nkhaniyi mu November chaka chomwecho, ndipo mu 2007 anaitanidwa kukalankhula pamsonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania. Anthu akufuna kwabwino anam'lipirira sukulu ku Lilongwe, kenako ku African Leadership Academy ku Johannesburg, mpaka anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo filimu yake, yotsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor, inatuluka mu 2019. Khama linali lake, koma mwayi nawo unalowererapo. Akuluakulu aja akanapanda kuima pa Wimbe, iye akanakhala mmodzi wa amisiri ambiri aluso okonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la sitolo. Imeneyo si ntchito yonyozeka, ndipo ndi yomwe achinyamata ambiri angaifikire. Kulonjeza mwana aliyense ndege ya ku America n'kumunamiza.

Njira zobwererera zilipo, ngakhale n'zopapatiza. Kuyambira 1993 mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba amaloledwa kubwerera akabereka, ndipo ku Dedza Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera m'kalasi. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi kusoka. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amawonjezera kandalama kwa mabanja osaukitsitsa amene ali ndi ana a pasukulu. Maphunziro a pulaimale akhala aulere kuyambira 1994, koma khwalala lolowera ku sekondale likadali laling'ono poyerekeza ndi khamu lolemba mayeso a Sitandade 8 chaka ndi chaka, ndipo otsalira kunjawo ndi amene gulu la pamsika limawalandira.

Pa zonse zimene zinathandiza Kamkwamba, chotsika mtengo kwambiri chinali kachipinda kaja ka mabuku. Sanali wophunzira wa pasukulupo, analibe yunifolomu, analibe lisiti ya fizi, koma anam'lola kulowa, kubwereka buku n'kupita nalo kunyumba. Masukulu ambiri lero ali ndi mabuku otsekeredwa m'kabati ya muofesi, akudyedwa ndi chiswe poopa kuti angabedwe. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu atsegule makabati amenewo, ndipo mwana wosiyira sukulu panjira akafika pakhomo kufuna buku, asamufunse kalasi yake.