Sitima za ku Joni: ndalama zinatayika pati?

Mu Seputembala 2024 khoti la ku Johannesburg linalamula Daniel Mthimkhulu kukakhala kundende zaka 15. Bamboyu anali mkulu wa mainjiniya ku PRASA, bungwe la boma loyendetsa sitima zonyamula anthu ku South Africa, koma madigiri amene ankaonetsa anali abodza. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa ana athu ambiri ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Salima ali ku Joni, ndipo kumeneko sitima ndi ulendo wa munthu wopeza zochepa.

Mu 2013, PRASA inasaina kontrakiti ya R3.5 biliyoni ndi kampani ya Swifambo yogula mitu ya sitima 70. Swifambo inali isanapangepo sitima. Inangokaoda mituyo ku kampani ya Vossloh ya ku Spain, iyo n'kukhala pakati. Mitu 13 itafika, zinadziwika mu 2015 kuti ndi yotalika mamita 4.14, pomwe malire a njanji za m'dzikomo ndi mamita 3.965, moti panali chiopsezo choti ingakhudze nthambo zamagetsi zapamwamba. Khoti linathetsa kontrakitiyo mu 2017, ndipo la apilo linavomereza chigamulochi mu 2018, koma ndalama zoposa R2 biliyoni zinali zitatuluka kale.

Tikaona bwino, ndalamazi zinatayika sitima zisanakwere n'komwe chombo. Poyamba, wogula amayenera kulemba muyezo wa katundu potengera njanji zake. Apa khoti linapeza kuti muyezo unalembedwa mokomera mtundu wa sitima womwe anthu ena anali atausankha kale. Chachiwiri, palibe amene anafufuza mapepala a injiniya wamkulu kapena mbiri ya kampani yopatsidwa ntchito. Chachitatu, malipiro anatsogola katundu. Pa kontrakiti yaikulu chotere ndalama zimayenera kutuluka pang'onopang'ono: mutu woyamba ufike, uyesedwe panjanji ndi akatswiri osadya nawo, kenako wogula alipire gawo lotsatira.

Khoti limatha kuthetsa kontrakiti ndi kumanga wolakwa, koma zaka zimene okwera anadikira silingabweze. Nafenso tikamva kuti boma lathu likugula katundu wa mabiliyoni, tisathamangire kuwomba m'manja. Tifunse aphungu athu kuti muyezo walemba ndani, wauyesa ndani, ndipo ndalama zalipidwa zingati katundu asanafike.