Makina sadya nsima, nanga akudya ndani?

M'tauni muno mwafika uthenga watsopano, ndipo alaliki ake savala makolala. Amavala masuti, amaimilila pafupi ndi projekita m'mahotela, amatumiza timavidiyo pa TikTok ndi pa Facebook. Ulaliki wao ndi umodzi cabe: phunzila AI, apo ayi udzatsala. Akamaliza amakupatsa nambala yotumizilapo ndalama ya workshop.

Ine uthenga umenewu ndaukana. Makinawo sindiwanyoza. Ndine mphunzitsi, ndipo ndaona ChatGPT ikufotokoza samu ya Giledi 12 moleza mtima kuposa munthu amene waphunzitsa makalasi asanu kucokela m'mawa. Cimene ndikana ndi bodza limene labisala mkati mwa ulalikiwo, lakuti mnyamata wa ku Kanyama kapena mtsikana wa ku Chawama akasowa nchito mawa, mlandu udzakhala wake cifukwa sanaphunzile kulemba prompt.

Tiyeni tiwelengele limodzi. Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496. Amene anafunsila malowo anali oposa 100,000, anthu a masatifiketi, madipuloma ndi madigili. ChatGPT inatuluka pa 30 Novembala caka comweco, mzela uli kale wautali conco. Manje tinene kuti onse 100,000 apita ku workshop, aphunzila AI mpaka kuidziwa ngati njila ya kucigayo. Malo adzakhala angati? Omwe aja. Makina atipeza titaima kale pamzela, ndipo cimene akucita ndi kucotsa timipando tocepa timene ena anali kukhalapo podikila.

Timipando timeneti mumatidziwa bwino. Mnyamata wa pa intaneti kafe amene amataipila anthu ma CV ndi makalata ofunsila nchito. Mtsikana amene amapanga maposita a misonkhano ya chalichi, makadi a kitchen party ndi mapulogalamu a malilo pa laputopu ya m'bale wake. Womasulila timapepala ta mabungwe kucoka m'Cingelezi kupita m'Cinyanja. Woyankha mafoni a makasitomala. Palibe amene analemelapo ndi nchito zimenezi, koma ndi mmene munthu amayambila. Umaphunzilapo kusunga nthawi, kukambilana mtengo, kupepesa kasitomala ukalakwitsa dzina la malemu. Lelo foni imacita zambili mwa izi m'masekondi. Ku Kenya, acinyamata ambili ophunzila amene anali kudyela kulembela ana a mayunivesiti a ku America ndi ku Britain ma assignment anaona maoda akucepa ChatGPT itangotuluka. Nchitoyo inali yokayikitsa, inde, koma inali kulipila lendi. Makwelelo akacotsedwa masitepe a pansi, musauze mwana kuti alumphe.

Alaliki adzati: ndiye cifukwa cake lowani mkati mwa AI, musaime panja. Cabwino, tiyeni tione amene analowa. Mu Januwale 2023 magazini ya Time inaulula kuti OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inagwilitsila nchito acinyamata a ku Nairobi kupyolela m'kampani ina yochedwa Sama. Nchito yao inali kuwelenga nkhani zonyansa, za kugwilila ana, za kupha ndi kuzunza anthu, n'kumaziika zizindikilo kuti makina aphunzile kuzikana. Malipilo anali osakwana madola awili pa ola. Ena anasimba kuti zimene anawelenga zinawasokoneza maganizo. Mwezi womwewo Microsoft inalengeza kuti ikuika mabiliyoni a madola mu OpenAI. Acinyamata a ku Nairobi aja sanatsale m'mbuyo. Anali m'khichini mwenimweni mophikila AI, koma mbale itapita patebulo iwo anatsala ndi mapoto.

Ife a mu Zambia nkhani yotele siyenela kutidabwitsa, cifukwa tinabadwilamo. AI siikhala m'mitambo. Imakhala m'nyumba zikuluzikulu zodzala makompyuta, zimene zimameza magetsi ndipo zimafuna nthambo za kopa zosawelengeka. Kopa ameneyu ali pansi pa mapazi athu. Mu 2024 kampani ya ku America ya KoBold Metals, imene ili ndi ndalama za anthu ngati Bill Gates ndi Jeff Bezos kumbuyo kwake, inalengeza kuti yapeza kopa wambili ku Mingomba pafupi ndi Chililabombwe, ndipo imanyadila kuti imafufuza miyala ndi thandizo la AI. Ndiye kuti makina athandiza kupeza kopa wopangila makina ena. Ndi nkhani yokoma kwa eni makina. Kwa ife funso ndi lomwe anafunsa ambuye athu: pa cuma cimeneci, cotsala kuno ndi ciani?

Funsani akuluakulu a ku Luanshya ndi ku Mufulira. M'zaka za m'ma 1970 migodi inali kulemba anthu oposa 60,000. Pofika mu 2000, ZCCM itagulitsidwa, anatsala pafupifupi 22,000. Pambuyo pake kopa anayamba kutulukanso wambili, makina a pansi pa nthaka anakula, koma makomboni a migodi sanabwelele mwakale. Makina akamagwila nchito ya anthu khumi, phindu la anthu khumiwo silisungunuka. Limapita m'thumba la munthu wina. Makina sadya nsima, salipila lendi, sagulila mwana yunifomu. Amene amadya ndi mwini wake.

Ndipo musaiwale 2024. Cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Wometa tsitsi, wowochelela zitseko, mai wogulitsa nkhuku za m'filiji, onse anakhala manja lende. Mwana wa sukulu anali kusakasaka pochajila foni. Dziko limene migodi yake imatenga pafupifupi theka la magetsi onse, pamene komboni ikuwelengela pa kandulo, lisayambe ndi kudzudzula acinyamata kuti ndi aulesi pa zaumisili.

Ndidziwa zimene ena mudzayankha. Mudzati cipangizo ciliconse catsopano cimapha nchito zina n'kubala zina, ndipo mudzaloza ma booth a mobile money amene adzala m'misewu yathu. Zoona, nchito zinabadwa. Koma funsani mtsikana wa mu booth kuti amalandila zingati pakutha kwa mwezi, ndipo akabeledwa amalipila ndani. Mudzatinso AI ingathandize mlimi kuzindikila matenda a cimanga pa cithunzi, kapena kiliniki yopanda dokotala kuwelenga X-ray ya cifuwa. Izinso ndi zoona, ndipo ndikuzifuna. Ubwino wa mpeni sitikangana nao. Tikukangana za amene wagwila cigwililo.

Ndipo cigwililo sicipelekedwa mwaulemu. Mu 1935 anchito a m'migodi ya Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala nchito, ndipo ku Luanshya apolisi anaombela anthu, asanu ndi mmodzi n'kufa. Mu 1949 kunabadwa bungwe la anchito acikuda a m'migodi lotsogoleledwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo linakakamiza makampani kukweza malipilo. Mu 2023 olemba mafilimu a ku Hollywood anakhala pa sitalaka masiku 148, ndipo anabwelela kunchito ndi pangano loika malile pa mmene makampani angagwilitsile nchito AI pa zolemba zao. Mu Meyi caka comweco, anchito oposa 150 a ku Nairobi, oyeletsa zonyansa za pa intaneti, anavota kuti apange yuniyoni yao. Onsewa sanapulumutsidwe ndi workshop. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Conco imwe anzanga a m'komboni, AI iphunzileni, pakuti pa foni zambili mungaphunzile popanda kulipila munthu wa suti. Koma phunzilaninso kufunsa. Kumapeto kwa 2024 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI kupyolela mu Unduna wa Zaumisili ndi Sayansi. Ipezeni, muiwelenge, muone cimene ikunena za munthu amene makina amucotsetsa nchito. Tili ndi lamulo la 2021 loteteza data ya munthu. Wina akabwela ndi app yofuna mau anu, nkhope yanu kapena Cinyanja canu kuti aphunzitsile makina, mufunseni kuti zikupita kuti, adzazigulitsa kwa ndani, ndipo imwe mulandila zingati. Amene mumapanga maposita, mumamasulila kapena kugwila nchito za pa intaneti, dziwanani, gwilizanani mitengo, lekani kutsitsilana mpaka kugwila ulele.

Kwa ana a sukulu ndili ndi mau ena, ndipo ndiwanena monga mphunzitsi. Ukapatsa makina composition yako kuti akulembele, wanyenga munthu mmodzi cabe, iwe mwini. Makinawa amanama mosaphethila: amapeka madeti, maina ndi mabuku amene kulibe, m'Cingelezi cosalala. Amene angawagwile bodza ndi munthu amene anawelenga, amene adziwa kuti ici sicingatheke. Prompt ya lelo idzakalamba caka cisanathe, koma mutu wodziwa kuwelenga, kuwelengela ndi kutsutsa udzafunikabe. Bwana amene akufuna kucepetsa anchito adzayamba ndi uja amene zonse amakopela ku makina, cifukwa makinawo ali nao kale.

Ndipo andale akabwela ndi zitenge ndi ma T-shirt kudzapempha mavoti, akayamba kuchula AI ndi citukuko, musaombe m'manja msanga. Afunseni kuti sukulu ya m'wadi mwanu idzakhala liti ndi malaiti, makompyuta ndi intaneti. Afunseni kuti pa kopa wa ku Mingomba dziko lidzatsala ndi zingati, ndipo pa mainjiniya ake ndi angati adzacokela ku UNZA ndi ku CBU. Akayankha ndi Cingelezi cambili copanda manambala, dziwani kuti nsima ikuphikidwa, koma mbale yanu palibe.