Za fulaye zisamathere kumudzi

Pa Kamwendo, pomwe msewu wochokera ku Kasungu umakumana ndi wa Lilongwe kupita ku Mchinji, ana akaweruka kusukulu sasowa chochita. Atsikana amakulunga majumbo, kumanga ndi mphira, fulaye n'kuyambika. Awiri amaponyerana uku ndi uko, wapakati akuzinda, kudumpha, kuwerama, mwina kuuwakha mpirawo n'kuutaya kutali.

Koma aphunzitsi ambiri a ntchemberembaye luso limeneli saliwerengera. Amandandalika kalasi yonse pamzere, mpira uli umodzi, aliyense kudikira kuti aponye pagolo. Mwana amaugwira kawiri, dzuwa n'kulowa.

Chonsecho malamulo a masewerowa akunena okha choyenera kuyambira. Wosewera saloledwa kusunga mpira kupyola masekondi 3 kapena kuthamanga nawo. Bwalo, lomwe ndi lotalika mamita 30.5, linagawidwa patatu, ndipo mpira sungadumphe chigawo chathunthu wina asanaukhudze. Mwa osewera 7, awiri okha ndiwo amagoletsa. Ndiye kuti ntchito yaikulu ili kwa amene alibe mpira: kumuzemba womutchinga, kuthamangira pamalo popanda munthu, kutambasula manja nthawi ikadalipo. Mtsikana wa fulaye zimenezi anazizolowera kale.

Mphunzitsi wochenjera amalemba timabwalo tingapo ndi phulusa, kenako ana awiri alimbane ndi mmodzi, akazolowera akhale atatu atatu. Golo palibe: kupatsirana kasanu osalandidwa ndicho chigoli. Malangizo akhale awiri basi: ponyera kumene mnzako akulowera, osati pamene waima, ukaponya, suntha. Mipira yachikulunga ikwanira, ngakhale kuti kupatsirana kodunditsa pansi kudikire mpira weniweni, poti chikulunga sichidunda.

Mu April 2018, ku Gold Coast m'dziko la Australia, Malawi Queens inagonjetsa New Zealand 57-53 pamasewero a Commonwealth. Anthu amakumbukira Mwawi Kumwenda, ndipo n'zomveka. Mu 2015 ku Sydney ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pampikisano wa dziko lonse lapansi. Komatu wogoletsa ngati iyeyo saloledwa kutuluka m'chigawo cha kugolo. Mipira imene ankaponya inkadutsa kaye m'manja mwa anzake apakati monga Takondwa Lwazi.

Kumpira wamiyendo vuto ndi lomwelo. Chichitikireni chigoli cha Gabadinho Mhango chomenya ali kutali kwambiri polimbana ndi Morocco mu January 2022, mnyamata aliyense akufuna chotero. Onse amaunjirira mpira ngati nkhuku pamadeya, makolo kunja akukuwa kuti "Menya!" M'timagulu ta anayi anayi, ndi lamulo loti chigoli chiwerengedwe pokhapokha atapatsirana katatu, mwana amayamba kudzutsa mutu n'kuona mnzake amene waima yekha kumphepete. Makolowo ndiye amatenga nthawi kuti asiye kukuwa.