CHITSULO CHOKHA SICHINGAPULUMUTSE MWENDO WA WOKWERA NJINGA YAMOTO

Aliyense woyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ngakhalenso m'misika ya kumidzi, waona momwe njinga zamoto zachulukira m'dziko muno. Njinga zimenezi zikugwira ntchito yotamandika. Anyamata a kabaza akudyetsa nazo mabanja awo, odwala akufika nazo msanga ku chipatala, ndipo alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo ndi oyendera sukulu akufika nazo kumadera kumene galimoto siingapite nthawi ya dzinja. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope a chitukuko chimenechi akuoneka m'zipinda za odwala mafupa m'zipatala zikuluzikulu, momwe anyamata a mphamvu zawo ali chigonere, miyendo ya ena ili m'chikhakha, ya ena yomangidwa ndi zitsulo, ya ena yodulidwa.

Pa nkhani ya chipewa choteteza mutu, zambiri zanenedwa kale, ndipo nzoyenera kubwerezedwa. Kafukufuku amene anasonkhanitsa zopeza za m'maiko osiyanasiyana m'chaka cha 2008 anaonetsa kuti chipewachi chimachepetsa imfa ndi pafupifupi 42 pa 100, ndi kuvulala kwa m'mutu ndi pafupifupi 69 pa 100. Lamulo la pamsewu limalamula kuti woyendetsa ndi wokwera avale chipewacho. Koma nchomvetsa chisoni kuti mwendo, umene umavulala kawirikawiri koposa ziwalo zina pa ngozi za njingazi, sutchulidwa konse pa misonkhano. Munthu amene wapulumuka mutu koma wathyoka mwendo sawerengedwa pakati pa akufa, komabe khasu lake limagona, ana ake amasowa ndalama za sukulu, ndipo malo ake a ntchito amakhala opanda munthu kwa miyezi yambiri.

Chifukwa chimene mwendo umavulalira chotere nchosavuta kumvetsa. Wokwera galimoto amazunguliridwa ndi zitsulo mbali zonse, pamene wokwera njinga yamoto miyendo yake ili pamtetete. Chitsulo cha kutsogolo kwa galimoto chili pa msinkhu wa msongolo ndi bondo la woyendetsa njinga, kotero kuti galimoto ikamuomba m'mbali, mwendo ndiwo umayamba kulandira mphamvu yonse. Fupa la msongolo lili pansi pa khungu penipeni, lopanda mnofu wolitchinjiriza kutsogolo, ndipo likathyoka limatha kuboola khungu nkutulukira kunja. Fumbi ndi matope zikalowa pa chilonda chotere, fupa limatukusira mafinya. Fupa la msongolo lothyoka bwinobwino limatenga miyezi inayi kufikira isanu ndi umodzi kuti lilumikizane, koma likalowa matenda munthu angathe chaka ndi kupitirira akuyendera ndodo, mwinanso kutaya mwendowo. Kuwonjezera apo, njinga yamoto ngakhale yaing'ono imalemera makilogalamu oposa 100, ndipo ikagwa imapsinja mwendo pansi, ekizozi yotentha nkumaotcha katumba.

Poona zimenezi, anthu ena a maganizo abwino akhala akunena kuti vuto lagona pa kusowa kwa zitsulo zotchinga miyendo, zija zimamangidwa kutsogolo kwa injini nkutambasukira mbali zonse ziwiri. Nzoona kuti njinga zambiri zilibe zitsulo zimenezi. Zina zinabwera zopanda, zina eni ake anazichotsa kuti azitha kupanikizika pakati pa magalimoto, ndipo zina zinathyoka osabwezeretsedwa. Tsono ena amati njinga iliyonse ingowotchereredwa chitsulo, basi nkhani yatha. Maganizo amenewa ayenera kuyesedwa bwino asanasanduke lamulo kapena chizolowezi.

Chitsulochi chili ndi ntchito yake, ndipo siyoti nkuinyoza. Njinga ikaterereka pa matope kapena pa mchenga ikuyenda pang'onopang'ono, chitsulo chimayamba kugunda pansi ndipo chimasiya mpata pakati pa njinga ndi nthaka, kotero kuti phazi silipsinjika. Chimatetezanso injini ndi thanki ya mafuta. Kwa mlangizi woyenda m'njira za kumidzi, kumene kugwa kotere kumachitika kawirikawiri, phindu limeneli ndi lenileni.

Koma pa ngozi yowombana ndi galimoto, nkhani yake ndi ina. M'chaka cha 1981, ku America kunatuluka lipoti la kafukufuku wotsogoleredwa ndi Harry Hurt wa pa University of Southern California. Gulu lake linafufuza mwatsatanetsatane ngozi 900 za njinga zamoto m'dera la Los Angeles, ndipo linawerenganso malipoti a polisi 3,600. Linapeza kuti pafupifupi theka la mabala a pathupi linali pa phazi, kakolo, msongolo, bondo ndi ntchafu. Koma pa zitsulo zotchinga miyendo, linapeza kuti zinkachepetsa mabala a phazi ndi kakolo, pomwe zinkawonjezera mabala a msongolo, bondo ndi ntchafu, kotero kuti phindu ndi kuipa zinkangolingana. Ku Britain nako, m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a Boma anayesa zotchinga miyendo zopangidwa mwaluso, ndipo panali maganizo oti zikhale zokakamiza. Panabuka mtsutso waukulu, pakuti ena ankaopa kuti miyendo ikagwidwa pa ngozi, munthu amaponyedwa chamutu. Mapeto ake lamulolo silinakhazikitsidwe.

Ngati zitsulo zopangidwa ndi akatswiri zinasiya chikaiko chotere, nanga bwanji paipi ya madzi kapena chitsulo chomangira nyumba chimene wowotcherera wa pamsika wapinda ndi maso okha? Chitsulo chofewa chimapindikira mkati nkukanikiza mwendo womwe chimati chiuteteze. Chitsulo chotambasuka kwambiri chimakola galimoto kapena chitsa m'mbali mwa njira. Kuwotcherera pa thupi la njinga kosadziwa kumafooketsa malo owotchererawo. Choncho chiweruzo chanzeru nchakuti amene njinga yake inabwera ndi chitsulo chochokera kwa opanga asachichotse, amene akufuna kuika agule choyenera mtundu wa njinga yake ndipo amange ndi mabawuti m'malo ake, koma pasakhale wina woganiza kuti chitsulo chamugulira mwendo wachiwiri. Njinga yokhala ndi chitsulo ndi yopanda chitsulo, zonse zimafuna zinthu zitatu: chovala choyenera, kakhalidwe koyenera pa njinga, ndi liwiro loyenera.

Choyamba ndi chovala. Lipoti la Hurt linapeza kuti jombo zolimba, jekete ndi magolovesi zimateteza kapena kuchepetsa mabala osupuka ndi otemeka. Kafukufuku wina wa ku Australia wa m'chaka cha 2011 anaonetsa kuti ngakhale jombo wamba zinkateteza mapazi koposa nsapato zazifupi. Jombo ya chikopa yopitirira kakolo imagwira mfundo kuti isapotokole, imatchinga zala ku tcheni ndi ku miyala, ndipo siivuka munthu akagwa. Thalauza lalitali la nsalu yokhuthala limateteza khungu ku phula ndi ku moto wa ekizozi. Nzoona kuti chovala sichingaletse fupa kuthyoka galimoto ikaomba mwamphamvu, koma kusiyana kwa fupa lothyokera mkati ndi chilonda chodzaza mchenga ndi kwakukulu zedi. Nchifukwa chake nzochititsa manyazi kuona woyendetsa njinga atavala patapata ndi kabudula, phazi lamanzere likusintha magiya ndipo lamanja likuponda buleki zala zili pamtunda. Nsapato zophukira za pulasitiki, zimene ena amavala nthawi ya mvula, nzofewa ndipo zimavuka msanga, kotero sizilowa m'malo mwa jombo ya chikopa.

Chachiwiri ndi kakhalidwe pa njinga, makamaka kwa wonyamulidwa, amene chitsulo cha kutsogolo sichimuthandiza ngakhale pang'ono. Njinga ili ndi zopondera za anthu awiri okha. Munthu wachitatu akakwera, mapazi ake amalendewera pafupi ndi masipoko, tcheni ndi ekizozi, ndipo nthawi zambiri wachitatuyo amakhala mwana. Chidendene cha mwana chikalowa m'masipoko, bala lake ndi lovuta kupola. Amayi okhala cham'mbali alibe pogwira mokwanira njinga ikakhota, ndipo nsonga ya chitenje ikakodwa mu tcheni imatha kugwetsa onse. Ku India, kumene amayi amavala nsalu zazitali, malamulo a magalimoto a m'chaka cha 1989 analamula kuti njinga zamoto zikhale ndi chotchinga chophimba theka la gudumu la m'mbuyo. Chotchinga chimenechi nchotsika mtengo, ndipo kwa njinga ya kabaza nchofunika monga chitsulo cha kutsogolo, mwinanso kuposa. Wokwera aphunzirenso kukwera ndi kutsikira kumanzere, pakuti pa njinga zambiri ekizozi ili kumanja, ndiponso m'dziko muno kumanzere ndiko kuli mphepete mwa msewu.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi liwiro pamodzi ndi maphunziro. Kuomba chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira buleki umawirikiza kanayi. Palibe chitsulo kapena jombo imene ingasinthe masamu amenewa. Mwa oyendetsa amene Hurt anawapeza pa ngozi, 92 pa 100 anadziphunzitsa okha kapena anaphunzitsidwa ndi abale ndi anzawo. Wophunzira pa bwalo la mpira masiku awiri sadziwa kugwiritsa ntchito mabuleki onse awiri pamodzi, amatsitsa phazi pokhota, ndipo amalowa m'kampata ka pakati pa minibasi ndi lole, kumene bondo lake ndilo limakhala malire a njinga. Kuthamanga sikufika. Koma mlandu suli pa okwera njinga okha, pakuti lipoti lomwelo linapeza kuti pa ngozi ziwiri mwa zitatu zilizonse zowombana ndi galimoto, woyendetsa galimoto ndiye analowerera njira ya njinga. Nchifukwa chake woyendetsa njinga aziyatsa nyali ngakhale masana, ndipo woyendetsa galimoto aziyang'ana kawiri asanakhote pa mphambano.

Pa zonsezi, ogwira ntchito m'Boma ali ndi udindo wapadera. Unduna kapena khonsolo ikamagula njinga za alangizi, igule pamodzi ndi chipewa, jombo, magolovesi ndi jekete, ndipo zimenezi zilembedwe m'ndondomeko ya chuma ngati mbali ya njingayo. Mkulu wa ofesi asapereke kiyi kwa wantchito wopanda laisensi ya njinga yamoto, kapena wobwera atavala nsapato za mu ofesi. Mtengo wa jombo ndi wochepa poyerekeza ndi malipiro a miyezi isanu ndi umodzi a mlangizi wogona m'chipatala, pamene alimi a m'dera lake akudzala popanda uphungu. Palinso ogwira ntchito ndi amalonda amene anagula njinga nkupatsa anyamata kuti aziyendetsa kabaza. Mwini njinga amene amafuna ndalama zochuluka tsiku lililonse, osasamala za laisensi, inshuwalansi, matayala ndi mabuleki, ndiye amene akukankha mnyamatayo kuti athamange ndi kunyamula anthu atatu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nawo atsogoleri a m'madera, mafumu ndi akuluakulu a magulu a kabaza, akamachititsa misonkhano, aphunzitse anthu chochita ngozi ikagwa. Mwendo wothyoka usakokedwe kapena kuwongoledwa ndi anthu osadziwa. Chilonda chiphimbidwe ndi nsalu yoyera, mwendo umangidwe ku thabwa kuti usagwedezeke, pasathiridwe dothi, mafuta a injini kapena zitsamba, ndipo wovulalayo apite ku chipatala nthawi yomweyo, pakuti mankhwala opha tizilombo amathandiza kwambiri akaperekedwa msanga. Dziko lino linayamba kuphunzitsa madokotala othandiza a za mafupa m'chaka cha 1985, ndipo iwowa ndiwo amasamala ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma. M'chaka cha 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery pa Kamuzu Central Hospital. Izi nzonyaditsa, koma dokotala ngakhale waluso chotani sangabwezere munthu mwendo wofanana ndi umene anabadwa nawo.

Tsoka silinunkha. Woyendetsa njinga aliyense, kaya ndi wa kabaza kaya ndi mlangizi wa Boma, asanalize injini m'mawa, ayang'ane mapazi ake, ayang'ane mapazi a amene wamunyamula, ndipo ayese mabuleki. Ndipo mkulu aliyense amene amasaina chikalata chogulira njinga kapena kupereka kiyi, adziwe kuti miyendo ya wokwerayo yaikidwa m'manja mwake.