Musanalize galimoto ku Joni, khalani pansi kaye

Disembala akamayandikira, anzathu a ku Joni mitima imakhala kale kumudzi. Sabata ino ndicheze ndi inu achimwene a ku Milonde, ku Mulanje, amene mwagula kaminibasi, mwachotsamo mipando yakumbuyo n'kuyalamo matiresi, ndipo mukuti chaka chino za basi ayi, mubwera nokha ndi mayi a kunyumba ndi ana, kugona momwemo m'njira. Ndakunyadirani zedi. Koma alipo ambiri onga inu, ndiye makolo amene mukudikira ana anu kumudzi mumvere limodzi.

Popita ku Joni munthu amayenda ali tcheru chifukwa ali ndi mantha. Pobwerera ndi pomwe pali msampha. Mtima uli kale pakhonde pa amayi, foni ikungolira, "mwafika pati?", phazi n'kumangoponda moto. Komatu kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Mulanje ndi makilomita pafupifupi 1,800. Mudutsa Polokwane ndi Musina, muoloka Limpopo pa Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Mutoko mpaka Nyamapanda. Mukalowa m'Mozambique pali Changara, Tete, Moatize ndi Zobue musanaone Mwanza. Mabasi ambiri amakhala ndi madalaivala awiri olandizana. Inu muli nokha, ndipo sabata yonseyo mwagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza. Fulumira adadya gaga, achimwene. Ugaweni ulendowu masiku atatu, ndipo dzuwa likalowa imani. Misewu ya ku Zimbabwe ndi ku Tete usiku mumakhala ng'ombe, abulu ndi malole oima opanda nyali.

Pogona sankhani malo omwetsera mafuta kapena pomwe pali alonda ndi anthu ena, osati patchire. Musagone injini ikulira, ndipo mbaula kapena kachitofu kagasi zisayake m'galimoto yotseka. Utsi wake sununkha, umangogoneka banja lonse osadzukanso. Ku Tete Disembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, choncho mwana musamusiye m'galimoto ngakhale mukuti mukungodinditsa pasipoti. Madzi akumwa tengani ambiri.

Za mapepala ndidutse msanga, poti mukuzidziwa. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake ndi kalata yakubadwa. Galimoto ikhale ndi mapepala a dzina lanu, chilolezo choilowetsera m'dziko lililonse ndi inshuwalansi. Ngati mudaigula pangongole, tengani kalata ya kubanki. Mwa katundu amene mwasenzayo a MRA pa Mwanza akhoza kufunapo msonkho, ndiye malisiti asungeni. Chimodzi chokha ndinenetse: kuyambira 2014 South Africa imaletsa munthu amene wapyola masiku ake kulowanso, chaka chimodzi ngati wapyola pang'ono, mpaka zaka zisanu ngati wapyola masiku oposa 30. Ngati mmodzi wa inu ali m'gulu limeneli, muuzane lero. Si zoti mkazi akazimvere pa Beitbridge kuti Januwale mwamuna abwerera yekha. Mufunsenso za njira musananyamuke. Kumapeto kwa 2024, chisankho cha ku Mozambique chitavuta, misewu ina idatsekedwa ndipo apaulendo ambiri adasowa kolowera.

Tsopano tifike pa nkhani imene imapasula mabanja, yomwe siili pamsewu ayi koma ili m'katundumo. Kwathu ku Mulanje ambiri ndife a chikamwini. Mwamuna adamanga kwa mkazi, koma kwawo nakonso amayi ake ndi alongo ake akuwerenga masiku. Galimoto ndi imodzi. Iyambira kuima pakhomo pa ndani? Bulangete lalikululo n'la apongozi ati? Njinga ija mwamanga pamwambayi, bambo akuti n'ja mphwawo, mayi akuti adalonjeza kale alongo awo. Nkhani zotere zikapanda kukambidwa ku Joni, zimaphulika pakati pa Moatize ndi Zobue, onse mutatopa, ana akulira, ndipo mawu amene amatuluka pamenepo safafanizika. Ena amafika kumudzi osalankhulana, ankhoswe n'kudya Khirisimasi ali pabwalo.

Ndiye tengani kope ndi cholembera, inu awiri, ana atagona. Lembani chinthu chilichonse ndi dzina la mwini wake. Mbali zonse ziwiri zilandire mosachititsa manyazi. Gwirizanani masiku amene mukakhale kuchimuna ndi amene mukakhale kuchikazi. Mukatero muwaimbire onse muwauze, kuti wina asamve kwa anthu a pamsika kuti galimoto idadutsa dzulo. Inu mayi, musabise kathumba kapadera ka abale anu pansi pa matiresi. Kakaoneka, bambo adzayamba kukayikira ndi zina zomwe simudalakwe. Nanunso bambo, mayiwa nawo agwira ntchito chaka chonse m'nyumba za anthu. Galimotoyo pamaso pa anthu muzinena kuti ndi yathu.

Ndalama igaweni patatu: ya m'njira, ya kumudzi, ndi yobwerera. Ya m'njira ikhale yosinthiratu, madola aang'onoang'ono okagwiritsa ntchito ku Zimbabwe komwe kuli matogeti ambiri, ndi mameticali pang'ono. Yobwererayo asunge amene ali ndi dzanja louma pa awirinu, mukumudziwa, ndipo isakhudzidwe ngakhale amalume abwere ndi nkhani ya feteleza. Taonapo anthu akugulitsa wailesi yomwe adabwera nayo, ena mpaka galimoto imene, kuti apeze thiransipoti ya Januwale.

Inu makolo, thandizani ana anu. Lekani kuimba ola lililonse. Munthu ali pa chiwongolero, mukamufunsa kuti "kodi simufika lero?" mukumuuza kuti athamange. Akanena kuti agona ku Blantyre, avomereni. Kuchoka pa Mwanza kukafika ku Limbe, Mulanje boma mpaka kumudzi kumaoneka ngati pafupi, koma ndi pomwe tulo timagwira, komanso ndi nthawi ya mvula, ndipo Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 adationetsa zomwe mitsinje yochokera m'phiri imachita. Akafike masana, akuona pomwe akuponda.

Pomaliza, adzukulu obadwira ku Joniwo. Ku Johannesburg kulibe malungo, choncho matupi awo sadawazolowere ngati anzawo a kumudzi. Ngakhale inu akulu amene mwakhalitsa kumeneko mphamvu ija idachepa. Musananyamuke pitani kuchipatala mukafunse za mankhwala oteteza, ndipo neti ikhale m'katundu wapamwamba, mukaimange kuyambira usiku wa ku Tete. Agogo, mdzukulu akatentha thupi musati ndi kusintha kwa madzi, thamangirani naye kuchipatala cha Milonde tsiku lomwelo akamuyeze. Ndipo inu makolo ake, akakadwala mutabwerera ku Joni, ngakhale patapita milungu ingapo, kawauzeni adokotala kuti mwanayo adali ku Malawi.