Chilolezo cha mgodi chifulumire, koma mlimi ayambe wamvedwa

Dera la Glenwood mumzinda wa Durban lili pamtunda moyang'anana ndi doko, limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri mu Africa. M'misewu ya kumunsi kwake, cha ku Umbilo ndi Maydon Wharf, mumadutsa magalimoto akuluakulu usana ndi usiku, ndipo ena mwa katundu wofika padokoli ndi kopa ndi cobalt wochokera ku migodi ya ku Zambia ndi Congo. Kwa Amalawi amene amagwira ntchito m'derali, nkhani ya miyalayi idali ya maiko ena. Lero yafika kwawo, pakuti makampani akunja apeza miyala ya rare earths ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi kuphiri la Songwe ku Phalombe, niobium ku Kanyika ku Mzimba, komanso rutile ndi graphite ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Miyala imeneyi ndi yomwe maiko olemera akuti ndi yofunika pa chitetezo chawo. Ya rare earths imapanga maginito a ndege zankhondo, mizinga, magalimoto oyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo, pomwe niobium amalimbitsa chitsulo. Dziko la China ndilo limayenga yambiri mwa miyala ya rare earths, ndipo mu April 2025 lidakhwimitsa malamulo ogulitsira ina kunja. N'chifukwa chake maiko a azungu ali paliwiro. Mu March 2025 mtsogoleri wa America, Donald Trump, adalamula nthambi za boma lake kufulumizitsa zilolezo za migodi. Bungwe la maiko a ku Ulaya lidakhazikitsa lamulo mu 2024 loti chilolezo cha mgodi wosankhidwa mwapadera m'maiko akewo chisapitirire miyezi 27, ndipo mu June 2025 lidaika ntchito ya ku Songwe pamndandanda wa ntchito zofunika za kunja kwa Ulaya. Nalo boma la South Africa lidavomereza ndondomeko yake ya miyala yotereyi mu May 2025.

Pali anthu amene amaganiza kuti chilolezo chikachedwa, mlimi amapuma. Zomwe zidachitika ku Kanyika zikutsutsa maganizo amenewa. Mu 2012 mabanja oposa 200 a m'deralo adauzidwa kuti asamutsidwa kuti mgodi uyambe. Katundu wawo adawerengedwa, ndipo ambiri adasiya kukonza nyumba ndi kubzala mitengo podikira tsiku losamuka. Zaka zidadutsa osasamuka, osalandira chipukuta misozi, mpaka mu 2017 adakamang'ala kukhoti lalikulu ku Mzuzu. Chilolezo chokumba chidatuluka mu 2021, ndipo mgwirizano wa boma ndi kampani ya Globe Metals and Mining udasainidwa mu 2023. Mwana amene adayamba sitandade 1 pamene katundu ankawerengedwa adali atafika ku sekondale. Kuchedwa kwa mapepala m'maofesi kudasanduka umphawi m'mudzi.

Komabe liwiro nalo lili ndi ngozi yake. Kummwera kwa Durban, m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Eastern Cape, kuli dera la Xolobeni kumene kampani ya ku Australia inkafuna kukumba titanium mumchenga womwe anthu a Amadiba amalimamo ndi kudyetsamo ziweto. Mudzi udagawanika pakati, ndipo mu March 2016 mtsogoleri wa okana mgodiwo, Sikhosiphi Rhadebe, adaphedwa ndi mfuti. Mu November 2018 khoti lalikulu ku Pretoria lidagamula kuti nduna ya zamigodi singapereke chilolezo pamalo a makolo amenewo popanda eni malowo kuvomereza. Kungowadziwitsa sikokwanira. Amene adafuna kudumpha anthu kuti afulumire ndi amene adataya zaka zambiri m'makhoti.

Nkhani ziwirizi zikuphunzitsa chinthu chimodzi. Nthawi yoyenera kudulidwa ndi imene fomu imagona patebulo la bwana, imene kalata imayenda kuchoka ku nthambi ya zamigodi kupita ku ya zamalo, ya zamadzi ndi ya zachilengedwe. Imeneyo ikhoza kuchepa polemba ntchito akatswiri okwanira, kusunga mapu a zilolezo pakompyuta poti aliyense awaone, ndi kuika malire a masiku oyankhira. Bungwe loyang'anira migodi limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la migodi la 2023 ku Malawi liyesedwe ndi muyeso umenewu. Koma nthawi yoti anthu amve zomwe zidzachitikire chitsime, dimba ndi manda awo isakhudzidwe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndi pamene alangizi, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi magulu a alimi ali ndi udindo. Mgodi usanayambe pamayenera kuchitika kafukufuku wa momwe ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo lipoti lake limaunikidwa ndi bungwe la MEPA. Anthu apemphe kuti lipotilo liwafotokozeredwe m'chiyankhulo chawo. Pamsonkhano uliwonse pakhale mlembi wa m'mudzi wolemba tsiku, maina a alendo ndi malonjezo awo. Pamene katundu akuwerengedwa, banja lililonse lisunge pepala lake losonyeza munda, mitengo ya zipatso ndi nyumba, lifunsenso tsiku lenileni lolipiridwa ndi malo osamukira. Lisasiye kulima chifukwa cha mawu apakamwa. Amayi, amene amatunga madzi ndi kulima madimba, akhale ndi mpando wawo pazokambirana, osati mfumu yokha. Lamulo limafunanso kuti mgodi waukulu ukhale ndi mgwirizano wa chitukuko ndi midzi youzungulira. Mgwirizano umenewo ulembedwe ndi kuwerengedwa pagulu.

Maiko amene akufuna miyalayi akuteteza malire awo. Chitetezo cha mlimi wa ku Phalombe kapena Balaka chili m'munda, m'madzi akumwa ndi m'nkhokwe. Boma limene likusaina chilolezo liyenera kuyamba lawerengera chitetezo chimenechi, chifukwa mgodi umatha patapita zaka, koma mudzi umatsala pomwepo.