Mwana Wochedwa Kuphunzira Si Chitsiru

Ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, monganso m'madera ena, alipo ana amene amabwereza Sitandade 2 kawiri kapena katatu chifukwa zilembo zimawasokonekera powerenga. Alipo enanso amene m'mimba mumawapota m'mawa uliwonse poopa kukasekedwa m'kalasi. Makolo ena, m'malo mofufuza chimene chavuta, amagamula msanga kuti mwanayo ngwaulesi kapena walodzedwa, namutumiza kubusa kukaweta ng'ombe. Aphunzitsi ena nawo amamukhazika kumbuyo, namutcha mbuli pamaso pa anzake.

Khalidwe lotere nlochititsa manyazi ndipo liyenera kutheratu. Maphunziro a pulayimale ngaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 likulamula kuti mwana aliyense akhale pasukulu. Lamulolo silinapatule wochedwa kugwira zinthu. Boma silinagone ayi: koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi odziwa kuthandiza ana otere. Koma akatswiriwo ngochepa, ndipo sangamulote mwana amene wabisidwa kudambo.

Choncho kholo lipite kwa mphunzitsi wamkulu likafotokoze vutolo mosabisa. Komiti ya sukulu ikakamize mlangizi wa maphunziro wa m'deralo kuti aitanitse katswiri adzamuone mwanayo. Mafumu nawo adzudzule aliyense wosandutsa mwana wasukulu kukhala mbusa. Mtengo amauwongola ukadali waung'ono, ndipo wochotsa mwana pasukulu chifukwa choti akuchedwa kuphunzira ndi mdani wa chitukuko cha Malawi.